Tchuthi chino mwana agwire singano

Sukulu zikangotsekera mu Julaye, ana ambiri kuno ku Salima amaswera ku doko. Ku Senga Bay ndi ku Chipoka mumadzionera nokha: ena akukoka nawo makoka, ena akusambira m'madzi odikha momwe mumabisala nkhono za likodzo. Pofika Seputembala anyamata ena amakhala atalawa ndalama ya usipa, za kalasi safunanso kumva. Makolo anzanga, pali ntchito ina imene mungawapatse pakhonde panu pomwepo, ndipo siilira ndalama zambiri.

Musathamangire makina. Mwana ayambe ndi singano ya pamanja, ya chiboo chachikulu. Ulusi muudule wotalika kuchokera kuchala kufika pachigongono basi, chifukwa ukatalikitsa umapiringizana ndipo mwana amagwa ulesi. Poyeserera m'patseni thumba lakale la chimanga: timabowo take timamutsogolera kuti mzere uwongoke. Akazolowera, atenge yunifolomu yake yomwe. Abwezeretse batani lothothoka, asoke m'khwapa mong'ambika, aike chigamba pa kabudula. Msoko woyamba udzakhala wokhota, koma musaumasule iye akuona. Musiyeni avale ntchito ya manja ake.

Nsalu musagule. Atelala a pamsika wa Kamuzu Road amakhala ndi tizidutswa ta zitenje tambirimbiri, ndipo mukawapempha mwaulemu ambiri sakaniza. Tizidutswa timeneti tikalumikizidwa timatulutsa kachikwama ka makope, kolimba kuposa jumbo imene imang'ambika sabata yoyamba. Atsikana osinkhuka atha kuphunzira kwa amayi a mother group kusoka mapadi ochapa, kuti asamajombe kusukulu akakhala kumwezi.

Abambo ena amati kusoka ndi kwa atsikana. Kunyanja kuno mawu amenewo ndi odabwitsa ndithu. Nanga ukonde ukang'ambika amausoka ndani? Atelala ambiri a m'makonde a masitolo si amuna kodi? Mnyamata naye akhale pamphasa.

Luso lina lili kwa agogo. Mlaza tili nawo wambiri m'mbali mwa nyanja, bango nalo lili m'madambo. Mlaza audule ndi wamkulu, ndipo asamete tsinde lonse, asiye masamba ena kuti uphukenso. Muuyanike padzuwa, muung'ambe timizere, ndipo tsiku loluka muuwaze madzi kuti ufewe, apo ayi umathyoka. Mwana ayambe ndi tsache kapena kachipewa. Mkeka udikire manja akhwime. Amene mwadutsa pamsewu wa ku Senga Bay mukudziwa kuti zoluka zimagulidwa.

Apa ndiye ndichenjeze. Kuphunzitsa mwana luso n'kosiyana ndi kumusandutsa waganyu. Ola limodzi kapena awiri m'mawa ndi okwanira, akatero akasewere, awerengekonso. Musamutume kukatsatsa malonda kumalo ogona alendo. Ngati chinthu chake chagulidwa, mugulitse ndinu, ndalamayo igule makope ndi zolembera iye akudziwa.

Wosakwana zaka 7 asagwire singano kapena lezala, angoluka. Masingano muziwawerenga poyamba ndi pomaliza, muziwabaya pa kansalu kamodzi, chifukwa pakhondepo pamakwawanso makanda. Makina opalasa ndi mapazi abwere pamene miyendo ya mwana ikufika pansi bwinobwino, ndipo wamkulu akhale pambali pake.