Masamba a m'dzinja tiwafutse, tisamawakankhire kudzala

Mwezi wa Malichi ukafika, m'munda simusowa chotola. Nkhwani wayanga mpaka m'njira, khwanya ndi chitambe zili mbwee, bonongwe wamera pakhola pomwe, chisoso ndi luni tikuzilimira kumodzi ngati udzu wamba. Kumsika, mulu wa mpiru umene m'mawa unali ndalama, pofika madzulo wogulitsa amaukankhira kudzala poti wafota. Tsono bwerani m'mudzi womwewo mu Okutobala. Mayi akuzungulira ndi mbale kufuna ndiwo, ana akudyera nsima tiusipa tiwiri, ndipo amene ali ndi dimba kufupi ndi madzi ndiye mfumu. Akulu anati chakudza sichiimba ng'oma, koma kusowa kwa ndiwo m'chilimwe kumaimba ng'oma chaka ndi chaka, ife n'kumangoimvera.

Ambiri tikamva za kutaya chakudya timaganiza za mayiko olemera. Bungwe la United Nations loona za chakudya ndi ulimi la FAO linanena mu 2011 kuti pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a chakudya chonse cholimidwa padziko chimawonongeka kapena kutayidwa, ndipo lipoti la mu 2024 la UNEP, bungwe la United Nations loona za chilengedwe, linapeza kuti mu 2022 mokha munatayidwa chakudya choposa matani 1 biliyoni, gawo lalikulu m'makomo. Lipoti lomwelo linatsindika kuti vutoli si la olemera okha. Kwathu kuno sititaya chifukwa chokhuta. Timataya chifukwa chakudya chimabwera nthawi imodzi, chochuluka, ndipo njira zosungira zimene agogo athu ankazidziwa taziika pambali. Pamene tikutaya masamba choncho, kafukufuku wa za umoyo wa mu 2015 mpaka 2016 anaonetsa kuti ana 37 mwa 100 alionse osafika zaka zisanu m'Malawi anali opinimbira. Zimandiwawa, chifukwa masamba ndi zipatso ndi magulu awiri mwa magulu asanu ndi limodzi a zakudya amene timaphunzitsa m'midzi, ndipo ndi omwe amasowa m'mbale ya mwana m'chilimwe.

Chimene chapha mfutso si ulesi wokha, ndi manyazi. Pali amayi achitsikana, makamaka m'tauni, amene amaona chikwatu, phukusi la mfutso lokulungidwa m'masamba, ngati chizindikiro cha umphawi. Ine ndimawafunsa kuti kodi wosauka ndani pakati pa amene ali ndi zikwatu zisanu kudenga ndi amene akugula kamulu ka repu ka masamba anayi tsiku lililonse? Kufutsa ndi luso, ndipo luso limeneli likachitika mosamala, ndiwo yake imatuluka yobiriwira, yonunkhira, yopanda mchenga. Mfutso wakuda bii, wolumitsa mano ndi mchenga, umene unachititsa ena kudana nawo, ndi wofutsidwa molakwika.

Yambani ndi kutchola. Tcholani masamba anthete m'mawa dzuwa lisanawawombe, ndipo afutsidwe tsiku lomwelo. Musadikire kuti ayambe afota kapena achite chikasu kenako n'kumati awa ndiye ofutsa. Masamba oipa sasanduka abwino chifukwa chouma. Ngati munapopera mankhwala m'dimba, dikirani masiku amene alembedwa pabotolo asanatcholedwe. Nkhwani muusadzule bwino, masamba onse muwatsuke m'madzi oyera musanawadule, chifukwa mukatsuka mutadula kale, zofunika m'thupi zimapita ndi madziwo.

Pofutsa ndi pamene ambiri timalakwitsa. Madzi ayambe awira kaye, muthiremo kamchere pang'ono, kenako muikemo masamba kwa mphindi ziwiri kapena zitatu basi. Cholinga si kuphika ayi. Kutenthako kumaimitsa zinthu za m'tsamba momwemo zimene zimapitiriza kuliwononga ngakhale litauma, n'chifukwa chake masamba ofutsa amasunga mtundu ndi kakomedwe kuposa ongoyanika aawisi. Mukawasiya pamoto mpaka kufewa ngati ndiwo ya pambale, mwataya mavitamini m'madzi. Soda kapena chidulo musathire, zimapha mavitamini. Muike masamba ochepa nthawi imodzi kuti madzi asazizire, ndipo madzi omwewo mutha kufutsiramo kangapo. Mukatsanula, aikeni m'lichero madzi akhe.

Poyanika, pansi ayi. Pangani thandala lofika m'chiuno, muyalepo mphasa yoyera kapena malichero, kutali ndi khola, chimbudzi ndi msewu wafumbi. Thumba limene munali feteleza kapena mankhwala lisakhale choyanikira. Mwazani masamba mopyapyala, osaunjika, ndipo muziwatembenuza. Dzuwa lowomba mwachindunji limachepetsa vitamini A, yemwe ndi wofunika kwa maso ndi chitetezo cha mwana, choncho ndi bwino kuyanika pamthunzi podutsa mphepo, kapena kuphimba ndi kansalu kopyapyala koyera, kamene kamatchinganso ntchentche. Madzulo lowetsani m'nyumba mame asanagwe. Kunja kukakhala kouma, masiku awiri kapena atatu amakwana. Muyeso wake ndi dzanja: tsamba likamaphwanyika tswatswa mukalifinya, lauma. Likamapindika, likadali ndi madzi ndipo lichita nkhungu.

Ndikudziwa chimene mundiuze: masamba amachuluka nthawi ya mvula, dzuwa lake liti? Ndi zoona, ndipo n'chifukwa chake nyengo yabwino yofutsa kwambiri ndi kumapeto kwa dzinja, Malichi mpaka Epulo, mvula ikamadukiza koma nkhwani ndi khwanya zisanakhwime. Kukagwa mvula yamvumbi musafutse, dikirani kuche. Magulu a alimi amene angakwanitse angapange choumitsira cha dzuwa: bokosi la matabwa lokhala ndi mashelefu a neti, lophimbidwa ndi pulasitiki yoonekera, lokhala ndi mipata pansi ndi pamwamba kuti mphepo yotentha izituluka ndi chinyontho. Chimateteza ku mvula yadzidzidzi, nkhuku ndi fumbi. Funsani alangizi a m'dera lanu akuonetseni kapangidwe kake.

Musakhumudwe mukaona dengu lodzadza lasanduka kambale. Masamba ambiri ndi madzi okhaokha, ndipo makilogalamu 10 aawisi amatsala pafupifupi kilogalamu imodzi. Akadzanyowa mumphika adzafufumanso.

Kasungidwe ka makolo ka chikwatu, kokulunga mfutso m'masamba a msuku n'kumanga ndi luzi, n'kabwinobe, bola chipachikidwe pouma pomwe makoswe safika. Mtsuko wouma wotsekedwa bwino, ndowa ya chivindikiro kapena botolo lotsuka zimagwiranso ntchito. Sungani m'tizigawo ting'onoting'ono kuti mukatsegula kamodzi musalowetse chinyontho m'zonse, ndipo kamodzi pamwezi muzisuzumira. Mukaona wayamba kufewa, yanikaninso. Mukaona nkhungu, ameneyo watha, musamudye.

Tomato naye amauma. Aliyense amene anadutsapo pa Lizulu kapena pa Bembeke nthawi imene tomato wachuluka anaona madengu akuwolera m'mbali mwa msewu, mlimi atakana mtengo wa mavenda m'mawa n'kudzasowa wogula madzulo. Sankhani wakupsa koma wolimba, mumutsuke, mumudule mopyapyala, muwaze kamchere, muyanike pathandala ataphimbidwa ndi neti kapena kansalu. Iyeyu amafuna dzuwa lamphamvu ndipo amatenga masiku ochulukirapo kuposa masamba. Akauma mutha kumusinja kukhala ufa wothira m'ndiwo mwezi umene tomato mmodzi akugulidwa ngati dzira. Mango ndi chimodzimodzi: akupsa koma osafewa, osenda, odula tizidutswa, oviika pang'ono m'madzi a mandimu kuti asade. Oyamba kupsa mu Novembala, dzuwa likadali lamphamvu, ndi amene amauma bwino. Ogwa pansi n'kuwola musawasiye pansi pamtengo, muwakwirire mozama, chifukwa ndi momwe zimaswanirana ntchentche zimene zimaika mphutsi m'mango.

Ndinenepo za mkute, poti nawonso tayamba kuunyoza. Nsima yotsala usiku, yovindikiridwa bwino, si ya agalu. Itenthetseni mpaka itenthe mkati momwe, mwana adye asanapite kusukulu m'malo mopita ndi njala. Ndiwo zotsala ziwiritsidwenso mpaka zibwate, osati kungofunditsa. Mpunga wogona m'nyengo yotentha samalani nawo kwambiri, umatsegula m'mimba msanga ngati mulibe firiji. Koma chachikulu ndi kuyeza pophika. Mwambo woti mphika uzikhala ndi nsima ya mlendo ndi wabwino, komabe ngati tsiku lililonse mitanda itatu ikupita kudzala, ameneyo si ulemu, ndi thumba la chimanga limene mudzalisowe mu Febuluwale. Kumaukwati ndi kumaliro, amayi ophika agawe pang'onopang'ono, wofuna kuwonjezera awonjezere, kusiyana n'kudzaza mbale zimene zibwerere theka.

Zimene sizingadyedwe ndi munthu zili ndi kopita. Makoko a mbatata, zotsalira za masamba ndi nkhoko zipite kwa nkhuku, nkhumba kapena akalulu. Chimene simuyenera kupatsa chiweto ndi chimanga kapena mtedza wa chuku, chifukwa poizoni wake amadwalitsa ziweto ndipo amatulukira mumkaka umene ana athu amwe. Zotsala zonse zowola zilowe m'dzenje la kompositi, mosanjikiza ndi udzu wouma, phulusa pang'ono ndi ndowe, muzithirira kuti muzikhala chinyontho ndi kutembenuza pakapita milungu iwiri kapena itatu. Pakatha miyezi iwiri kapena itatu muli ndi manyowa a m'dimba. Majumbo ndi mabotolo apulasitiki asalowemo. Sawola, ndipo mbuzi kapena ng'ombe ikadya jumbo yonunkhira mchere wa ndiwo, imatsekeka m'mimba, imaonda pang'onopang'ono mwini wake akungoti yalodzedwa.

Tsiku lophika mfutso likadzafika, tapani kadzanja kamodzi kapena awiri, muviike m'madzi pang'ono kwa kanthawi, ndipo muphikire m'madzi omwewo, osawataya. Thirani tomato wanu wouma uja, kenako nsinjiro, kapena supuni ya mafuta ophikira ngati mtedza mulibe, chifukwa vitamini A amalowa bwino m'thupi pakakhala mafuta. Kwa mwana amene wakwanitsa miyezi isanu ndi umodzi ndipo wayamba kudya, sinjani mfutso wouma ukhale ufa, muusefe, muzithira kasupuni kamodzi m'phala lake la mgaiwa likamabwata.