Kulowetsa za kusintha kwa nyengo m'maphunziro onse a payunivesite

Kodi yunivesite ingatani kuti wophunzira aliyense, osati wa sayansi yekha, adziwe za kusintha kwa nyengo?

Yambani ndi kuunika makosi onse kuti muone momwe nkhaniyi ilimo kale. Kenako dipatimenti iliyonse isankhe mutu wogwirizana ndi ntchito yake. A zamalamulo aphunzire Pangano la Paris la 2015 (mgwirizano wa mayiko wolimbana ndi kusintha kwa nyengo), a zaumoyo aone matenda odza ndi kutentha kwambiri, a uinjiniya alimbane ndi magetsi oyendera dzuwa. Apa ndiye pagona nkhani, chifukwa kosi imodzi yokakamiza aliyense ambiri amangoiloweza, mayeso akatha n'kuiwala.

Aphunzitsi nawonso aphunzitsidwe kugwiritsa ntchito malipoti a IPCC (bungwe la United Nations lounika kafukufuku wa kusintha kwa nyengo), poti ambiri sanazolowere. Mafunso a kusintha kwa nyengo alowe m'mayeso, ndipo komiti yoona za maphunziro ivomereze zosinthazo chaka chisanayambe.