Munali pa ntchito ina, tsopano mukufuna kuphunzitsa masamu kapena sayansi: yambirani apa

Chiyambire Januwale 2022, pamene boma la Zambia linachotsa fizi m'masukulu ake, makalasi a m'makomboni a mu Lusaka monga Kanyama, Chawama ndi Matero anadzaza mpaka ana kukhala atatuatatu pa desiki. Chaka chomwecho boma linalemba aphunzitsi opitirira 30,000, komabe wa masamu ndi wa fizikisi akusowabe. N'chifukwa chake mtima wanga umakondwa munthu amene anali akauntanti, injiniya kapena wa mu labu akandifunsa kuti, "Aphunzitsi, ndingalowe bwanji?" Ndaphunzitsa masamu zaka zambiri muno mu Lusaka ndipo angapo otere ndayenda nawo. Zimene ndimawauza ndi izi.

Choyamba, kakhaleni kumbuyo kwa kalasi. Musanalipire ngwee ndi imodzi yomwe ku koleji, pemphani ahedi a sukulu ya kwanuko akuloleni kuonerera kwa sabata imodzi. Maso anu asakhale pa bolodi, akhale pa ana. Onani uyo amene akungokopera za mnzake, uyo wopanda rula, ndi uyo amene yankho akulidziwa koma Chingerezi chamumanga pakamwa. Ngati Lachisanu lafika mtima udakalipo, pitirizani.

Chachiwiri, mapepala. Lamulo la Teaching Profession Act la 2013 linakhazikitsa bungwe la Teaching Council of Zambia, ndipo mphunzitsi aliyense ayenera kulembetsa kumeneko ndi kukhala ndi chiphaso chogwirira ntchito. Digiri ya uinjiniya payokha sikupangani kukhala mphunzitsi. Mufunika maphunziro a kaphunzitsidwe, amene ambiri amangoti methodology. Kafunseni ku School of Education ya University of Zambia pa Great East Road, kapena ku mayunivesite awa: ku Chalimbana ku Chongwe, ku Kwame Nkrumah ku Kabwe, kapena ku Mukuba ku Kitwe, kumene kumadziwika ndi kusula aphunzitsi a masamu ndi sayansi. Ngati mwasankha yunivesite yomwe si ya boma, tsimikizani kaye kuti ndi yolembetsedwa ku Higher Education Authority. Satifiketi ya Giredi 12 imatsimikiziridwa ku Examinations Council of Zambia, ndipo digiri ya kunja ipite ku Zambia Qualifications Authority. Yambani msanga, zimatenga nthawi.

Chachitatu ndiye chovuta: kuphunzira kuyenda pang'onopang'ono. Bambo wina amene anagwira ntchito ya magetsi zaka zoposa khumi anabwera kwa ife kudzayeserera kuphunzitsa. Tsiku loyamba analemba fomula ya zamagetsi ya V = IR, nachita zitsanzo ziwiri, mphindi khumi zisanathe anali atamaliza. Piriyodi ndi ya mphindi 40. Anafunsa, "Mwamva?" Ana onse pamodzi, "Yes sir!" Titaona makope awo, panalibe ndi mmodzi yemwe anapeza. Bamboyo anakhumudwa kwambiri. Ndinawauza kuti, "Achimwene, nzeru muli nazo, koma mwaiwala mmene zimakhalira usanazidziwe." Sabata yotsatira anabwera ndi mabatire a tochi, timababu ndi nthambo za wayilesi yakufa. Ana anaika batire limodzi, kenako awiri, naona okha babu likuwala kwambiri. Anawonjezera babu lachiwiri pa mzere womwewo, kuwala kunachepa. Apo m'pamene bamboyo analemba fomula ija, ndipo inapeza pokhala m'mitu mwa ana.

Masamu nawonso chimodzimodzi. Manambala a negative yambani ndi nkhongole ya pa kantemba: uli ndi nkhongole ya K5, wabweza K3, yatsala ya K2. Mwana aliyense wa mu komboni amadziwa zimenezo. Koma nkhongole sidzakuthandizani mwana akafunsa chifukwa chake negative kuchulukitsa ndi negative imabala positive, ndipo funsolo limabwera ndithu. Lembani mzere: 3 × -2 = -6, 2 × -2 = -4, 1 × -2 = -2, 0 × -2 = 0. Afunseni chimene chikuchitika. Aona kuti yankho likukwera ndi 2 nthawi iliyonse, ndipo -1 × -2 = 2 adzakuuzani okha. Musachite manyazi kufotokoza m'Chinyanja pamene pavuta, kenako mubwerere ku Chingerezi poti mayeso ali m'Chingerezi.

Chachinayi, musadzitsekere. Kuyambira 2005, mothandizidwa ndi bungwe la ku Japan la JICA, aphunzitsi a dziko lino ali ndi mwambo wa Lesson Study: mumakonza phunziro pamodzi, mmodzi aphunzitsa ena akuonerera, kenako mukambirana ndi kulikonzanso. Dziperekeni kukhala wophunzitsayo. Zimawawa munthu wa zaka 40 kudzudzulidwa ndi mtsikana amene wangochoka ku koleji, koma iye anaphunzira kugwira kalasi pamene inu munali ku ofesi. Mumvereni. Mumubwezere ndi zimene muli nazo: kalabu ya JETS, ya ana okonda sayansi ndi uinjiniya, ikufuna munthu amene anagwirapo mita ndi sipanala.

Za silabasi sindichulukitsa. Maphunziro atsopano anayamba ndi Fomu 1 mu 2025, choncho pezani silabasi yatsopanoyo, musadalire manotsi anu akale. Mu labu, yesani nokha chilichonse dzulo lake, ndipo asidi musamusiye pa tebulo inu mutatembenuka.

Chomaliza, kambiranani kunyumba. Ntchito za boma zimadzera ku Teaching Service Commission ndipo mutha kudikira. Ambiri amayambira ku sukulu za pulayiveti. Nthawi yoyeserera kuphunzitsa mudzakhala pa sukulu tsiku lonse, choncho sungirani lendi ndi ya basi ya miyezi imeneyo musanalembe kalata yosiya ntchito.