Naoshima: musapite Lolemba, ndipo mugone konko

Inu amene muli ku Japan pa sukulu kapena pa ntchito, tchuthi chikakupezani muli ndi timayeni m'thumba, yesani ku Naoshima. Ndi kachilumba ka m'nyanja ya Seto, m'chigawo cha Kagawa, kokhala anthu ngati 3,000. Kumpoto kwake kuli fakitale ya Mitsubishi yoyenga kopa kuyambira 1917, koma anthu amadzera zakum'mwera, kumene Soichiro Fukutake wa kampani ya Benesse ndi katswiri wa zomangamanga Tadao Ando anadzazako nyumba zoonetsera zaluso.

Musanagule tikiti ya sitima, onani kalendala. Lolemba malo ambiri amakhala otseka. Kenako gulirani tikiti ya Chichu Art Museum pa intaneti, chifukwa kumeneko amalowetsa anthu pa nthawi yomwe yalembedwa pa tikiti. Ulendo wonse muukonze mozungulira nthawi imeneyo.

Kafikidwe kake nkosavuta. Kuchokera ku Okayama kwerani sitima yopita ku Uno, nthawi zambiri mosinthira pa Chayamachi. Pa doko la Uno sitima ya pamadzi imatenga mphindi 20 kukafika ku Miyanoura. Yochokera ku Takamatsu imatenga pafupifupi mphindi 50. Amene munakwerapo Ilala wa ku Likoma mudzaseka: musanakhazikike n'komwe, mwafika. Khadi lanu la zairyu, chiphaso cha alendo okhala ku Japan, likhale m'chikwama, ndi lamulo. A ku Britain kapena ku South Africa amene muli ndi pasipoti ya Malawi, yambani ndi viza.

Mukatsika pa Miyanoura mudzaona dzungu lalikulu lochita kupanga, lofiira la madontho akuda, la katswiri wa zaluso Yayoi Kusama. Lachikasu, lotchuka lija, lili kutsidya, pafupi ndi nyumba ya zaluso ya Benesse House, pomwe linaikidwa mu 1994. Namondwe analikokolola mu Ogasiti 2021 ndipo lopangidwanso linaikidwa pomwepo mu Okutobala 2022. Jambulani, mupitirire. Bwerekani njinga ya batire pa doko pomwepo. Ya kapalasa wamba idzakuliritsani, zitunda zake si zamasewera. Basi ya tauni iliponso, ndipo ndalama zachitsulo zimathandiza.

Chichu inatsegulidwa mu 2004, ndipo Ando anaikwirira pansi kuti isaononge maonekedwe a phiri. Ndi konkire yosalala, makonde opendekeka, ndi kuwala kwa dzuwa kolowera pamwamba. Muli ntchito za anthu atatu okha: Claude Monet, James Turrell ndi Walter De Maria. Pa khomo la chipinda cha Monet mumavula nsapato n'kuvala masilipasi. Pansi anayala timiyala ta mabo ting'onoting'ono, makoma ndi oyera mbee, ndipo zithunzi zisanu za maluwa a pamadzi zimasintha mtundu mtambo ukangodutsa kunja. Kujambula nkoletsedwa, ndiye foni ikhale m'thumba. Ndiponso ife tikakumana awiri atatu mawu amakwera osadziwa. Muno ngakhale kunong'ona kumamveka kutali.

Kwa ine pamtima pa ulendowu ndi ku Honmura, mudzi wakale kumene kuyambira 1998 nyumba zosiyidwa akhala akuzisandutsa zaluso. Ku Kadoya, Tatsuo Miyajima anaika manambala owala 125 m'madzi, m'nyumba ya mdima. Ena amawerenga mothamanga, ena mwaulesi, poti liwiro la nambala iliyonse anasankha ndi anthu a pachilumbapo, ana ndi agogo omwe. Ku Minamidera mumalowa mukupapasa khoma, mdima wa ndiweyani, n'kukhala pa benchi. Ife ozolowera kuzima kwa magetsi timaganiza kuti mdima timaudziwa, koma uwu ndi wina. Mphindi zingapo zoyamba mudzaganiza kuti ndalama zanu zapita pachabe. Dikirani. Pang'ono ndi pang'ono kutsogolo kumayamba kuoneka kuwala kofooka, komwe kunalipo chilowereni, maso anu okha ndiwo anali asanazolowere.

Zina zilipo: Benesse House Museum ya 1992, yomwe ndi hotelanso, Lee Ufan Museum ya 2010, ndi Naoshima New Museum of Art yomwe inatsegulidwa mu 2025. Zonsezi pa tsiku limodzi n'kudzizunza. Nchifukwa chake ndikuti gonani konko usiku umodzi, m'tinyumba ta alendo ta ku Miyanoura kapena ku Honmura. Hotela ya Benesse ndi ya olemera. Chaka cha Setouchi Triennale, chikondwerero cha zaluso chomwe chimabwera pa zaka zitatu zilizonse kuyambira 2010, malo ogona amatha msanga.

Malo odyera ndi ochepa ndipo amatseka molawirira, choncho gulirani chakudya chamadzulo pa sitolo ya 7-Eleven ya ku Miyanoura dzuwa lisanalowe. Miyendo ikaphwanya, pafupi ndi doko pali bafa la onse lomwe anakongoletsa Shinro Ohtake mu 2009, njovu itaima pamwamba pa khoma lolekanitsa abambo ndi amayi. Mumasamba kaye bwinobwino pa mpopi, kenako n'kulowa m'madzi otenthawo opanda chovala. Kathaulo tengani kanu, apo ayi mudzagula pakhomo.