Nkhasi si nsomba, ichotseni m'ndowamo

Chiyambireni mvula chaka chino ndapeza nkhasi m'makomo angapo, ndipo konseko masungidwe ake ndi amodzi: m'ndowa yodzaza madzi, kuseri kwa chitseko, kumdima. Ana amazitola kudambo kapena m'mbali mwa msewu, poti ino ndi nyengo imene zimatuluka m'matope momwe zimabisala m'chilimwe. Makolo n'kungoti, "Poti ndi kamba wam'madzi, akhale m'madzi." Mawu amenewa ndatopa nawo.

Nkhasi imapuma ndi mapapo ngati inu ndi ine. Pitani kumtsinje dzuwa likatuluka, mukaziona zitakwera pachipika kapena pamwala, khosi ndi miyendo zitatambasula. Thupi lake silidzitenthetsa lokha, ndiye ikapanda kuwothera dzuwa chakudya sichigayika bwino m'mimba. Chachikulu china, m'kuwala kwa dzuwa muli cheza chotchedwa UVB chimene chimathandiza thupi kupanga vitamini D3, ndipo popanda vitamini ameneyu kashiamu salowa m'mafupa ndi m'chigoba. Kuika ndowa pawindo sikuthandiza, galasi limatchinga chezacho.

Nanga m'ndowa yoterera ija ikwera pati? Imangopalasa m'mbali usana ndi usiku osauma. Pang'onopang'ono chigoba chimafewa, kenako chimachita mawanga otuwa onunkha. Maso amatupa, imasiya kudya. Mukaona thovu kumphuno, kapena ikuyandama chopendekera mbali imodzi, dziwani kuti matenda afika m'mapapo. Nyama yoti ikadakhala zaka zoposa 20 imatha m'miyezi yochepa, ndipo zimandiwawa chifukwa silira kuti mwini wake adziwe.

Bambo wina wolima tomato kudimba anandiitana kuti ndikaone nkhasi ya mdzukulu wake. Madzi ake anali mbuu ngati thobwa, nyenyeswa za nsima ndi buledi zikuyandama. Nditadina chigoba ndi chala chinalowa ngati papaya wakupsa. Iwo anadabwa: "Alangizi, kodi nkhasi imadwalanso?" Ndinawauza za dzuwa, koma anamva mbali imodzi. Mawa lake anaika beseni pabwalo masana onse popanda mthunzi, madzi n'kutentha ngati osamba. Mwayi wake mdzukuluyo anabwera msanga kuchokera kusukulu n'kuichotsa ikadali moyo.

Ndowa imeneyo musatungirenso madzi akumwa. Nkhasi zimanyamula tizilombo ta salmonella toyambitsa kutsegula m'mimba, moti ku America analetsa kugulitsa zazing'ono zosakwana mainchesi 4 kuyambira mu 1975 poteteza ana. Aliyense akaigwira asambe m'manja ndi sopo.

Ngati mwatsimikiza kuweta, pezani bafa lalikulu, muikemo mwala kapena njerwa yotuluka pamwamba pa madzi kuti izikwerapo n'kuuma thupi lonse. Liikeni pomwe dzuwa lam'mawa limafika koma mbali ina ili pamthunzi, ndipo muphimbe ndi waya chifukwa cha agalu ndi akhwangwala. Madzi muzisintha akangoyamba kuda. Chakudya chake ndi nyongolotsi, ziwala, tinsomba, osati nsima. Yotola kudambo, chabwino ndi kuibweza pamalo pomwe munaitola. Koma yogula kusitolo, yamzere wofiira kuseri kwa diso, kwawo ndi ku America. Imeneyo musadzaitaye mumtsinje, imalanda malo a nkhasi zathu.