Kusonkhanitsa mabuku akale a AA muno mu Lusaka

Mukapeza buku la Alcoholics Anonymous (AA), gulu la anthu othandizana kusiya mowa, pa mulu wa mabuku akale, musakopeke ndi chikuto. Tsegulani masamba oyambirira, pomwe alemba zaka, chifukwa msinkhu wa buku umadziwikira pamenepo.

Buku lalikulu la gululi, lomwe tonse timalitcha Big Book, linatuluka koyamba mu 1939 ku America, patatha zaka zinayi Bill W. ndi Dr. Bob, omwe anayambitsa gululi, atakumana ku Akron. Analikonzanso mu 1955, mu 1976 ndi mu 2001. Masamba 164 oyamba sanasinthe kwenikweni. Zimasintha ndi nkhani zakumapeto, zomwe anthu osiya mowa amafotokoza okha mmene anamirira ndi mmene anavuukira. Nkhani zina zakale anazichotsa kuti alowetse zatsopano, ndiye ine ndimasunga mtundu uliwonse, ngakhale lothothoka msana. Sindifuna kuti mawu a anthu amenewa atayike.

Chaka cha 1939 chisakupusitseni, chimalembedwanso m'mabuku a pambuyo pake. Funani mzere wonena edition (kakonzedwe kachingati) ndi printing (kusindikiza kwachingati). Loyambiriratu linali la chikuto chofiira ndi mapepala ochindikala, ndipo anasindikiza zikwi zochepa chabe. Mu 2014 anatulutsa lina lolifanizira pokumbukira zaka 75, nalonso lofiira. Wina akakuuzani kuti ali ndi la 1939 pano, mwina ndi limeneli: mapepala ake amakhala oyera, osanunkha ukale. Muno timapeza kwambiri la 1976, labuluu. La 1955 mukaliona, gulani tsiku lomwelo.

Yendani kwa ogulitsa mabuku m'mbali mwa Cairo Road, ku City Market ndi ku Kamwala, komanso mipingo ikamagulitsa zinthu zakale. Fufuzani pa mulu wa Mabaibulo ndi mabuku a nyimbo, poti ogulitsa ambiri amaliyesa buku la tchalitchi. Musiyireni wogulitsa mutu wa buku papepala, adzakusungirani. Mutchulenso Twelve Steps and Twelve Traditions la 1953.

Koma zomwe ndimazikonda koposa ndi tinthu tating'ono: magazini ya gululi yotchedwa Grapevine, yomwe inayamba mu 1944, timapepala togawa pa misonkhano, ndi mindandanda yotayipa pa makina akale yonena tsiku ndi malo okumanirana. Izi ndizo zimasowa msanga, anthu amakulungira vitumbuwa kapena kuyatsira mbaula. Mndandanda umodzi wotere umasonyeza kumene anthu a m'tauni muno ankapita akatopa ndi kachasu, zomwe buku lochokera ku New York silingakuuzeni.

Kunyumba adani ndi chiswe, mphemvu ndi chinyezi cha dzinja. Shelefu isagunde khoma kapena kukhala pansi. Tsamba likang'ambika musamate ndi selotepu, imadetsa pepala pakapita zaka. Timawaya ta m'magazini tikachita dzimbiri, tizuleni mosamala. Osatsekera buku m'pulasitiki mvula ikamagwa, limachita nkhungu.

Mkati mwa chikuto kawirikawiri mumakhala dzina la mwini wake, tsiku lomwe anamwa komaliza ndi manambala a foni a anzake. Musafufute, koma musajambulenso n'kuika pa Facebook kapena WhatsApp osaphimba. Gululi linakhazikika pa kusaulula mayina, ndipo ana a munthuyo mwina ali pompano ku Matero kapena ku Chilenje. Mabuku akale aja asiyeni pa shelefu; sungani limodzi latsopano lobwereketsa m'bale amene wabwera kudzapempha thandizo.