Momwe mungayendetsere chisankho choyeserera cha mkulu wa AU Commission pasukulu

Chaka chatha ndinathandiza ophunzira a kalabu ya mitsutso pasukulu ina ku Katoto kuyeserera chisankho cha wapampando wa African Union Commission, ndipo ndalemba izi kuti aphunzitsi anzanga asadzachite manyazi amene ndinachita ine.

Yambani ndi kuwafotokozera ana kuti mipando ilipo iwiri. Umene malemu Bingu wa Mutharika anakhalapo mu 2010 ndi wa wapampando wa African Union (AU), bungwe la mayiko a mu Africa, uja atsogoleri a mayiko amasinthana chaka ndi chaka. Wa Commission ndi wa munthu woyendetsa ntchito za tsiku ndi tsiku ku Addis Ababa, amene amakhalapo zaka zinayi ndipo angasankhidwenso kamodzi kokha, monga Moussa Faki Mahamat wa ku Chad, amene anakhalapo kuyambira 2017 mpaka 2025.

Kenaka gawani mayiko 55 a mu AU kwa ophunzira, koma ngati mukutsatira chisankho cha mu February 2025, mayiko 6 amene anali oimitsidwa asavote. Mbendera musavutike nazo. Ine ndinalipiriratu pashopu ina yosindikiza pafupi ndi msika, ndipo anatipatsa zofwifwa zedi moti ya Mali ndi ya Guinea sizinkasiyana. Makatoni olembedwa ndi cholembera chachikulu amakwanira, ndipo salira ndalama.

Pamene panandivuta ndi powerenga mavoti. Voti ndi yachinsinsi, ndipo wopambana ayenera kupeza magawo awiri mwa atatu a mavoti, osati kungoposa anzake basi; ngati palibe wafikapo, amavotanso ndime ina. Kwathu mtsikana wina anapeza 27 mwa 49, ine n'kumulengeza, ana n'kuyamba kuimba. Mnyamata wa Fomu 3 anaimirira ndi pepala lake nati, “Aphunzitsi, pepani, pakufunika 33.” Anali wolondola, pakuti magawo awiri mwa atatu a 49 amafuna 33, ndipo amenewa ndi mavoti amene Mahmoud Ali Youssouf wa ku Djibouti anapambana nawo mu February 2025 m'ndime yachisanu ndi chiwiri, atatsala yekha Raila Odinga ndi Richard Randriamandrato atagwa kale. Choncho dulani mapepala ovotera ochuluka, chifukwa ngakhale wotsala yekha amavoteredwabe, ndipo akalephera kufika pa chiwerengerocho chisankho chimaimitsidwa. Zinaterodi mu January 2012, pamene Jean Ping ndi Nkosazana Dlamini-Zuma analepherana mpaka mayiyu anadzapambana mu July, komanso ku Kigali mu 2016. Ife mapepala anatithera pa ndime yachitatu, tinachita kung'amba makope a ana.

Wachiwiri kwa wapampando mumusankhe mwa njira yomweyo, akhale wa chigawo china, ndipo ngati wapampando ndi mwamuna iye akhale mkazi, monga Selma Malika Haddadi wa ku Algeria. Makomishonala asanu ndi mmodzi, oyang'anira nthambi za Commission, amavoteredwa ndi nduna zoona za kunja. Ife tinawasiya chifukwa mvula inali itayamba ndipo ana a ku Luwinga ankafuna kunyamuka.